Sosi wa lingonberry akakana: madzimadzi, kuwawa, chuku ndi zina zovuta

Lingonberry ndi kachipatso kofiira, kosapitirira sentimita imodzi kukula kwake, komwe kamamera pa timitengo tofupika m'nkhalango za paini za kumpoto kwa dziko lapansi. Ku Sweden amati lingon, ku Finland puolukka, ku Norway tyttebær, ku Germany ndi ku Austria Preiselbeere, ndipo ku Newfoundland m'dziko la Canada amati partridgeberry. Akatswiri a zomera amakadziwa ndi dzina loti Vaccinium vitis-idaea. Zipatsozi zimapsa kuyambira kumapeto kwa Ogasiti mpaka mu Seputembala. Amene ali ku Britain kapena maiko ena a ku Ulaya amazipeza kawirikawiri zili zouma ndi chisanu m'mapaketi, m'masitolo ogulitsa zakudya za ku Scandinavia ndi za kum'mawa kwa Ulaya, ndipo jamu wake wa m'mabotolo amagulitsidwa m'masitolo a kampani ya IKEA.

Mavuto ambiri a sosi ameneyu amachokera pa chinthu chimodzi: kumuphika ngati jamu wa sitiroberi. Lingonberry ili ndi asidi wambiri, pectin wambiri (chinthu cha m'zipatso chimene chimalimbitsa jamu), komanso benzoic acid yemwe amateteza chipatso kuti chisaonongeke msanga. Zimene wophika jamu wina amavutika kuonjezera, chipatsochi chimabwera nazo kale. Choncho wophika akaonjezera moto, nthawi, mandimu kapena zolimbitsa, nthawi zambiri amakhala akuononga chinthu chimene chikanakhala bwino chokha.

Muyezo woyambira

Musanafufuze cholakwika, onani kaye ngati miyezo yanu ili pafupi ndi iyi. Pa kilogalamu imodzi ya zipatso zotsuka, thirani madzi mamililita 100 mpaka 200, ndi shuga magalamu 400 mpaka 500. Ikani zipatso ndi madzi mu poto, vindikirani mpaka ziyambe kuwira, kenaka chotsani chivindikiro, chepetsani moto, zibwate pang'onopang'ono mphindi 10 mpaka 15. Zambiri zikaphulika, chotsani poto pamoto, thirani shuga pang'onopang'ono uku mukutakasa mpaka asungunuke yense. Bwezerani pamoto kuti ziwire mphindi 2 kapena 3 zokha, yengulani thovu, mwatha.

Pali msampha wina m'miyezo ya ku Sweden ndi ku Finland. Kumeneko zipatso amaziyeza m'malita ndipo shuga amamuyeza m'madesilita. Lita imodzi ya lingonberry si kilogalamu imodzi ayi, imalemera magalamu 500 mpaka 600 basi, ndipo desilita imodzi ya shuga ndi magalamu pafupifupi 85. Munthu akawerenga "lita imodzi" n'kuyeza kilogalamu pa sikelo, shuga amachepa ndi theka, sosi n'kutuluka wowawasa kwambiri. Akasokoneza mbali inayo, sosi amatsekemera mpaka kukoma kwa chipatso kutayika. Gwiritsani ntchito sikelo pa zonse ziwiri.

Sosi watuluka madzimadzi

Ili ndiye dandaulo lofala kuposa onse, ndipo kawirikawiri palibe cholakwika chilichonse. Sosi wa lingonberry akakhala wotentha amayenda ngati madzi. Pectin amagwira sosi akazizira, ndipo kugwira kwenikweni kumatha kutenga usiku wonse. Woweruza sosi ali mu poto amapitiriza kuphika mpaka kupyola muyezo. Dikirani maola 12 mpaka 24 musanachite kanthu.

Njira yodziwira muli pamoto ndi iyi. Musanayambe kuphika, ikani kambale kakang'ono mu firiza. Nthawi ikakwana, chotsani poto pamoto, dontheza supuni imodzi ya sosi pa kambale kozizirako, dikirani mphindi imodzi, kenaka dutsitsani chala pakati pake. Ngati kanjira kamene chala chasiya katsekeka nthawi yomweyo, sosi sanapse. Ngati kakutsekeka mwaulesi, m'mbali mwake mukuoneka monyezimira, ameneyo ndiye sosi wodyera nyama. Ngati pamwamba pachita makwinya ndipo kanjira sikakutsekeka n'komwe, mwafika pa jamu wopaka pa buledi. Kumbukirani kuti poyesapo poto akhale pambali pa moto, chifukwa mphindi imene mukudikira ija sosi amapitiriza kupsa.

Ngati mawa lake akadali madzi, chifukwa chake chimakhala chimodzi mwa izi. Choyamba ndi zipatso za mu firiza. Zipatso zoumitsidwa ndi chisanu zimakhala ndi timiyala ta madzi oundana m'paketi, ndipo chisanu chimang'amba mkati mwa chipatso moti madzi ake amatuluka onse msanga. Mukathiranso mamililita 200 a madzi pamwamba pake, mwachulutsa. Pa zipatso zotere thirani masupuni 3 kapena 4 okha kuti pansi pasapserere, yambani ndi moto wochepa, madzi ena adzatuluka okha. Zipatso zatsopano zimene mwatsuka osazikhetsa bwino zimachitanso chimodzimodzi, choncho zisiyeni mu sefa kwa kanthawi, kenaka muziyanike pa nsalu yoyera.

Chachiwiri ndi poto. Poto wopapatiza, wamtali, wodzaza mpaka pakamwa satulutsa nthunzi mokwanira. Makilogalamu 3 mu poto mmodzi sapsa pa nthawi imene kilogalamu imodzi imapsera, ndipo mukawonjezera nthawi, pectin amayamba kufooka chifukwa cha kutentha kwa nthawi yaitali mu asidi wambiri. Apa m'pamene anthu amadabwa kuti aphika ola lathunthu koma sosi sakugwirabe. Musapyole makilogalamu 2 pa ulendo umodzi, poto akhale wotakata pansi, ndipo zipatso zisapitirire theka la poto.

Chachitatu ndi shuga wochepa. Kuti pectin wachilengedwe agwire nganganga amafuna kuti shuga akhale woposa theka la kulemera kwa chophikidwacho. Ndi magalamu 200 kapena 300 pa kilogalamu, mudzapeza sosi wokhuthala pang'ono, wotuluka timadzi m'mbali mwa mbale. Si wolakwika, ndi mmene sosi wa shuga wochepa amakhalira. Ngati mukufuna kumukhuthalitsa osaonjezera shuga, nyenyani gawo limodzi mwa magawo atatu a zipatso ndi foloko kapena chipande, kapena phikirani limodzi apozi mmodzi wowawasa wopalidwa ndi kudulidwa tizidutswa.

Kukonza kwake n'kosavuta: bwezerani mu poto wotakata, wiritsani osavindikira mphindi 5, yesani pa kambale, ndipo bwerezani ngati pakufunika. Ufa wa cornflour kapena wa mbatatesi umakhuthalitsa ndithu, koma ndi wa sosi wodya tsiku lomwelo. Cornflour amachititsa sosi kuoneka wa mbuu, ndipo sosi wa ufa akakhala m'botolo masiku angapo kapena akalowa mu firiza amalekana ndi madzi. Osathira ufa mu sosi woti asungidwe.

Walimba ngati labala

Izi zimachitika mukaphika nthawi yaitali shuga ali kale mkati, kapena mukagwiritsa ntchito shuga wa jamu amene amabwera wosakaniza kale ndi pectin, amene ku Sweden amalembedwa kuti syltsocker ndipo ku Germany Gelierzucker. Shuga ameneyo adapangidwira zipatso zosowa pectin. Pa lingonberry shuga wamba woyera ndi wokwanira. Kukonza kwake, ikani sosi mu poto, thirani madzi otentha masupuni 2 pa kapu iliyonse ya sosi, tenthetsani pa moto wochepa uku mukutakasa mpaka afewe. Osawiritsanso kwa nthawi yaitali.

Amene ali ndi kachipangizo koyezera kutentha asathamangire madigiri 105 amene mabuku a jamu amatchula. Muyezo umenewo ndi wa jamu wolimba wa shuga wambiri, wophikidwa pafupi ndi nyanja yamchere. Sosi amakwana pa madigiri 102 kapena 103. Ndipo kumalo okwera madzi amawira msanga: pa mamita 300 aliwonse okwera, muyezo umatsika ndi digiri imodzi. Ku Johannesburg, komwe ndi mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pa nyanja, madzi amawira pa madigiri pafupifupi 94, choncho woyembekezera 105 kumeneko adzapeza shuga wopserera. Yezani kaye pomwe madzi okha akuwirira kwanuko, muonjezerepo madigiri 2 kapena 3 a sosi, 4 kapena 5 a jamu.

Makungu olimba, zipatso zoyandama

Mukaluma chipatso n'kumva khungu lake lili gwa, mkati mofota, shuga adalowa msanga. Shuga wambiri amakoka madzi m'chipatso chisanaphulike ndipo khungu limakhwima, silifewanso ngakhale muphike motani. Ndiye chifukwa chake dongosolo lija likunena kuti zipatso ziyambe zaphulika m'madzi okha. Sosi amene wachita kale zimenezi simungamubweze, koma mukhoza kumusefa pa sefa ya mabowo aang'ono, mukukanikiza ndi supuni, kuti mupeze sosi wosalala.

Zipatso zoyandama pamwamba pa botolo, pansi pali madzi ofiira okhaokha, ndi vuto la kufulumira. Zipatso zosaphulika zimakhala ndi mpweya mkati, ndipo sosi wotentha alibe mphamvu zozigwira. Mukachotsa pamoto, musiyeni mphindi 10 mpaka 15 mukutakasa mwa apo ndi apo, mpaka muone kuti zipatso sizikubwereranso pamwamba msanga, kenaka thirani m'mabotolo akadali wotentha. Musadikire mpaka azizire, chifukwa pamenepo mwatsegulira chuku khomo.

Kuwawasa, kuwawa ndi kuumitsa m'kamwa

Apa ndi pofunika kulawa mosamala, chifukwa zinthu zitatu zosiyana anthu amazitchula ndi dandaulo limodzi, ndipo mankhwala ake ndi osiyana.

Kuwawasa ndi chibadwa cha chipatsochi. Sosi ameneyu ntchito yake ndi kudula mafuta a m'zakudya zolemera: timipira ta nyama totchedwa köttbullar ku Sweden, zitumbuwa za mbatatesi za raggmunk zodyera nyama ya nkhumba yokazinga, nyama yokazinga ya reindeer (nyama ya nyanga za nthambi ya kumaiko ozizira) imene ku Finland amati poronkäristys, kapena nyama yopyapyala yokazinga yotchedwa Wiener Schnitzel ku Austria. Mukamulawa yekha pa supuni n'kumva kuti ali bwinobwino, pa mbale adzakhala wotsekemera mopitirira. Lawani ndi kachidutswa ka nyama kapena mbatatesi, ndipo lawani atazizira, pakuti wotentha amamveka mosiyana. Ngati akadali wowawasa kwambiri, onjezerani shuga magalamu 50 pa kilogalamu, tenthetsani kuti asungunuke, lawaninso. Mandimu amene maphikidwe ena amatchula safunika pano, asidi alipo kale wokwanira.

Chinthu chimodzi musachite: kuthira soda kuti achepetse kuwawasa. Sosi amachita thovu, kufiira kumasanduka kwa buluu wotuwa, pectin amaleka kugwira, ndipo asidi amene amateteza sosi kuti asaonongeke amachepa.

Kuumitsa m'kamwa, monga imachitira nthochi yosapsa, kumachokera ku zipatso zosakhwima ndi zinyalala. Lingonberry imafiira mbali yoyang'ana dzuwa poyamba, pansi pake pali poyera kapena pa pinki. Wothyola kumayambiriro kwa Ogasiti amaona zofiira pamwamba, koma akatembenuza apeza theka ndi loyera. Zoyera pang'ono sizivuta, ndiponso zimathandiza sosi kugwira popeza zili ndi pectin wochuluka. Zikachuluka, shuga sathetsa vutolo. Zisankheni musanaphike. Anthu ambiri kumaiko a ku Scandinavia amathyola ndi kachipangizo ka mano ngati chipeso, kamene kamakolola zipatso limodzi ndi masamba, timapesi ndi singano za paini. Masamba a lingonberry ali ndi tannin wambiri (chinthu chimene chimaumitsa m'kamwa), ndipo ochepa okha akaphikidwa limodzi amamveka m'poto yense. Njira yosavuta yoyeretsera ndi kuyala nsalu yokhakhala pa thireyi yopendekeka ndi kugubuduza zipatso pang'onopang'ono: zipatso zimatsika, masamba amatsalira pa nsalu.

Wothyola yekha achenjerenso ndi chipatso china chofanana nacho, chimene ku Sweden amati mjölon ndipo pa Chingerezi bearberry. Chimamera malo omwewo ndipo ndi chofiira mofanana, koma mkati mwake ndi mouma, mwa ufaufa, mopanda kukoma. Tembenuzani tsamba: la lingonberry lili ndi timadontho takuda kunsi kwake ndipo m'mphepete mwake ndi mopindikira pansi, pomwe la mjölon lili ndi timitsempha tolukana popanda madontho. Sosi wokhala ndi timibulu touma tosaphulika nthawi zambiri amakhala atalowa zimenezi.

Kuwawa kwenikweni kuli ndi magwero awiri. Loyamba ndi makina ogayira: njere za lingonberry ndi zazing'ono moti sizimveka pakudya, koma zikaphwanyidwa ndi mipeni ya makina zimatulutsa kuwawa. Ofuna sosi wosalala asefe, asagaye. Lachiwiri ndi kupserera. Shuga akakhala pansi pa poto wopyapyala pa moto waukulu amapserera msanga, ndipo mumayamba kumva fungo musanaone kanthu. Mukangomva, musakokote pansi ndi mthiko. Khuthulirani zapamwamba mu poto wina mwachangu, zapansi zitsale. Ngati mwatakasa kale, kuwawako kwafalikira ndipo sikuchoka.

Pa kuwawa kochepa, kamchere kotsina ndi zala ziwiri pa kilogalamu kamathandiza kuposa shuga woonjezera. Maapozi nawonso amafewetsa ukali: gawo limodzi la maapozi pa magawo awiri a lingonberry ndi kaphikidwe kodziwika kumaikoko. Sinamoni kapena khungu la lalanje ndi zabwino, koma muzichotse mukamaliza kuphika, ndipo pa khungu la lalanje chotsani choyera chamkati chija.

Mtundu wasintha

Sosi wabwino ndi wofiira mowala. Akatuluka wotuwa, wa pepo wakuda, kapena akumveka chitsulo pa lilime, yang'anani poto. Aluminiyamu ndi chitsulo wamba zimadyedwa ndi asidi wa chipatsochi, ndipo utoto wofiira wa m'khungu umasintha ukakumana ndi zitsulo zimenezi. Gwiritsani ntchito poto wa chitsulo chosachita dzimbiri kapena wa enamel wosasweka mkati, ndi mthiko wamtengo umene sunatakasepo anyezi kapena nsomba. Sefa ya dzimbiri imachita zomwezo. Akakhala wofiira moderako ngati wa bulauni, mwaphika nthawi yaitali kapena mwathira shuga wa bulauni. Amene wazilala mtundu ali m'botolo adakhala powala kapena potentha. Timizere toyera m'kati mwa botolo ndi thovu limene silinayengulidwe. Siliopsa, koma limasunga mpweya, choncho sosi woti akhalitse muyengule bwino. Yengulani kamodzi kumapeto poto ali pambali, osati mphindi iliyonse, kuopa kutaya sosi wambiri.

Sosi wosaphika: shuga akukukutika

Ku Sweden anthu ambiri amakonda rårörda lingon, zipatso zosaphika zotakasidwa ndi shuga basi. Kukoma kwake ndi kwa chipatso chatsopano, ndipo ndi amene amayenera kwambiri pa köttbullar. Muyezo wake ndi shuga magalamu 150 mpaka 250 pa magalamu 500 a zipatso. Vuto lake lalikulu ndi shuga wosasungunuka, wokukutika m'mano kapena wokhazikika pansi pa botolo.

Shuga sangasungunuke popanda madzi, ndipo madzi ali m'kati mwa zipatso zolimba khungu. Zipatso zatsopano zikangosakanizidwa ndi shuga n'kulowetsedwa mu firiji, palibe chimene chimachitika kwa masiku. Thirani shuga m'magawo atatu kapena anayi, takasani ndi supuni yamtengo mukukanikiza zipatso zina m'mbali mwa mbale kuti ziphulike, ndipo mbale ikhale panja pa firiji, yovindikira ndi nsalu, kwa maola angapo kapena usiku umodzi, mukutakasa nthawi ndi nthawi. Muyese pokhuza pansi pa mbale ndi supuni: mukamva kukhakhala, sanathe. Shuga wosalala wa timibulu tating'ono amasungunuka msanga. Shuga wa icing musagwiritse ntchito, chifukwa nthawi zambiri amakhala ndi zoonjezera zoletsa kuumbika zimene zimachititsa sosi mbuu.

Apa zipatso za mu firiza zimaposa zatsopano. Thirani shuga zikadali zouma ndi chisanu, zisiyeni zisungunuke pamodzi, ndipo madzi otuluka aja amamaliza ntchito pafupifupi okha. Musathire madzi a pampopi kuti mufulumizitse, chifukwa mudzafupikitsa masiku amene sosi angakhale.

Chuku, thovu ndi fungo la mowa

Benzoic acid uja ndi wamphamvu moti kale ku Sweden ankasunga zipatsozi m'mabotolo a madzi okha, opanda shuga, nyengo yonse yachisanu, zimene amati vattlingon. Koma mbiri imeneyi imapusitsa anthu kuganiza kuti sosi wa lingonberry saonongeka. Amaonongeka ndithu, makamaka pamene mphamvu ya chipatso yasungunulidwa ndi zinthu zina. Sosi wa theka maapozi, wa madzi ambiri, kapena wa zipatso zosapsa alibe chitetezo chofanana ndi wa lingonberry zakupsa zokhazokha.

Chuku chimayambira pamwamba, pomwe pali mpweya ndi chinyezi. Botolo lonyowa mkati, botolo lodzazidwa theka, sosi wothiridwa atazizira, chivindikiro chakale chosagwira, ndi supuni imene yakhudza mbale ya nyama n'kubwerera m'botolo, zimenezi ndiye njira zake. Tsukani mabotolo ndi sopo, aikeni mu uvuni pa madigiri 120 kwa mphindi 15, wiritsani zivindikiro m'madzi mphindi 5 ndi kuziumitsa. Thirani sosi wotentha m'botolo lotentha, kusiya mpata wa sentimita imodzi kapena kuchepera, pukutani pakamwa pa botolo ndi kutseka nthawi yomweyo. Botolo lozizira likalandira sosi wowira limatha kusweka. Akazizira, pakati pa chivindikiro payenera kulowa mkati. Limene silinalowe, liikeni mu firiji ndipo likhale loyamba kudyedwa. Mabotolo aang'ono a mamililita 200 mpaka 300 ndi abwino kuposa limodzi lalikulu, pakuti lotsegulidwa limatha chuku chisanafike.

Mukapeza chuku, tayani botolo lonse. Kuyengula pamwamba n'kudya zapansi ndi chizolowezi chakale, koma mu chakudya chofewa chamadzi chotere mizu ya chuku ndi poizoni amene mitundu ina imatulutsa zimalowa pansi pomwe maso saona, ndipo kuwiritsa sikuchotsa poizoniyo. Chimodzimodzi ngati chivindikiro chatupa, botolo likulira potsegula, mukuona timathovu tikukwera, kapena kukumveka fungo la mowa. Ameneyo wayamba kusasa, ndipo zimachitika kwambiri ndi wosaphika amene wakhalitsa panja pa firiji.

Wophika ndi shuga magalamu 500 pa kilogalamu, wotsekedwa bwino, amakhala miyezi yambiri pamalo ozizira ndi amdima. Akatsegulidwa alowe mu firiji. Wosaphika akhale mu firiji kuyambira tsiku limene shuga wasungunuka, ndipo mupange wokwanira sabata 2 kapena 3. Wa shuga wochepa, kapena wotsekemeretsa ndi mankhwala olowa m'malo mwa shuga, malo ake ndi mu firiza pa madigiri 18 pansi pa ziro, m'timakontena tosadzaza kwambiri. Nzeru yabwino koposa ndi kusunga zipatso zenizenizo mu firiza ndi kupanga sosi pang'onopang'ono pamene akufunika.

Pali chenjezo lapadera pa sosi wothira anyezi, adyo, msuzi wa nyama kapena batala, wodyera nyama ya m'tchire. Lingonberry yokha ili ndi pH (muyezo wa asidi, umene umatsika asidi akachuluka) ya pafupifupi 3, kutali ndi 4.6 pomwe kachilombo koyambitsa matenda oopsa a poizoni wa m'chakudya otchedwa botulism kamayamba kukula. Zoonjezera zija zili ndi asidi wochepa ndipo zimakweza muyezowo mosadziwika. Sosi wotere asatsekeredwe m'botolo kuti akhale pa shelefu. Ndi wa mu firiji masiku 3 kapena 4, apo ayi mu firiza.

Msuzi wa kirimu wadukaduka

Ophika ambiri a ku Sweden amathira supuni ya lingonberry mu msuzi wa kirimu wodyera köttbullar kapena nyama ya m'tchire. Msuzi ukachita timibulu toyera, asidi waumbitsa mkaka. Zimachitika mukagwiritsa ntchito mkaka kapena kirimu wa mafuta ochepa, mukathira sosi wambiri, kapena mukawiritsa mwamphamvu mutathira. Tengani kirimu wa mafuta 36 mpaka 40 pa 100 aliwonse, khuthalitsani kaye msuzi ndi ufa pang'ono pakuti ufa umateteza mkaka, kenaka chotsani pamoto ndi kuthira supuni imodzi kapena ziwiri pa theka la lita. Sosi wotsala apite pambali pa mbale, wozizira. Msuzi wodukaduka pang'ono umabwerera mukauchotsa pamoto, kuthira kirimu wozizira masupuni angapo ndi kupukusa mwamphamvu. Ukakana, usefeni.

Pothira pa nyama yootcha, pakani sosi m'mphindi 10 zomaliza zokha, popeza shuga wake amapserera nyama isanapse. Mu keke kapena zitumbuwa, mtanda wa soda wambiri umasandutsa malo ozungulira zipatso kukhala a buluu kapena obiriwira, ndipo mankhwala ake ndi kuchepetsa soda kapena kugwiritsa ntchito chambiko m'malo mwa mkaka wamba.

Lingonberry ikasowa

Cholowa m'malo chapafupi ndi cranberry, m'bale wake wa mtundu womwewo wa Vaccinium. Ndi yaikulu, ya khungu lokhuthala, ya madzi ochepa, ndipo imagwira molimba kwambiri. Pa kilogalamu imodzi thirani madzi mamililita 300 mpaka 400, ndipo lekani kuphika zambiri zikangophulika. Pa sosi wosaphika iyenera kudulidwa kaye, apo ayi shuga salowa. Cranberry zouma za m'mapaketi zimakhala zothiridwa kale shuga ndipo kawirikawiri mafuta pang'ono, choncho zivuikeni m'madzi otentha, chepetsani shuga kwambiri, ndipo apa mandimu amafunika.

Ngati muli ndi jamu wogula m'botolo amene watsekemera kwambiri pa nyama, tenthetsani kapu imodzi ndi madzi masupuni 2 ndi vinyo wosasa kapena madzi a ndimu supuni yaing'ono imodzi, kuthirapo kamchere.

Ku Malawi ndi ku Zambia lingonberry simera, chifukwa imafuna nyengo yaitali yachisanu ndi dothi la asidi. Chimene chimapereka sosi wofiira wowawasa wogwira ntchito yofanana pa mbale ndi chidede. Chotsani kambulu ka njere pakati, tsukani makoko ofiira aja, aphikeni m'madzi ongofika pamwamba pake mpaka afewe, mphindi 15 mpaka 20, kenaka thirani shuga wolemera theka la makokowo ndi kulawa. Lamulo la poto wosakhala wa aluminiyamu ndi la shuga kumapeto likugwiranso ntchito pamenepa. Kusiyana kwake n'kwakuti chitetezo cha lingonberry chija musachiyembekezere mu chidede, choncho sosi wake akhale mu firiji ndipo athe m'sabata imodzi kapena ziwiri, pokhapokha ngati mwamuphika ngati jamu weniweni, shuga wolemera mofanana ndi makoko, n'kumutsekera wotentha m'mabotolo owiritsa.